Chilonda cha m'diso chonamiza ndi madotolo omwe: uthenga kwa alimi a ku Lundazi

Kuyambira mwezi wa Epulo mpaka Julayi, m'midzi ya kwa Mwase, kwa Mphamba, kwa Kapichila mpaka kwa Zumwanda ndi kwa Magodi simupezeka munthu wongokhala. Abambo ali m'munda kudula ndi kusanja chimanga, amayi akukumba nshawa, achinyamata akupuntha soya ndi mpendadzuwa, ndipo madzulo pabwalo pamangoti kobo! fumbi la kupeta. Ndi nyengo yosangalatsa chifukwa thukuta la chaka chonse limaoneka phindu lake. Koma ndi nyengo yomwenso maso a alimi amavulala kwambiri. Tsamba louma la chimanga limacheka ngati lezala, mankhusu amauluka ndi mphepo, ndipo njere ya soya imadumpha pandodo n'kukamenya m'diso.

Ambiri a ife tikathobwa timangotikita diso, kusamba kumaso ndi madzi a m'chidebe kapena a pachitsime cha kudimba, n'kupitiriza ntchito. Diso likafiira m'mawa mwake timati ndi matenda a maso ofiira aja tinazolowera kuwatchula kuti red eyes, atha okha. Likapitirira kuwawa timabwereka kabotolo ka mankhwala kwa anansi kapena kukagula pamsika. Kuchipatala timati tidzapita tikatsiriza kukolola.

Lero tafuna tikambirane za mtundu wina wa chilonda cha m'diso umene umayamba motere. Chilondachi chimafanana kwambiri ndi matenda a mavairasi, moti ngakhale madotolo a m'zipatala zazikulu za ku Ulaya chimawanamiza. Munthu akachedwa, kapena akadonthezera mankhwala olakwika, diso limatha kufa pa miyezi yochepa chabe.

Galasi la diso

Kutsogolo kwa diso, pamwamba pa mbali yakuda ija, pali kachikopa koonekera mkati ngati galasi. Madotolo amakatchula kuti cornea, ife pano tizikatchula kuti galasi la diso. Kuchindikala kwake ndi pafupifupi theka la milimita, ndipo m'lifupi mwake ndi mamilimita 11 kapena 12. Kuwala konse kolowa m'diso kumadutsa pamenepa. Galasili lilibe mitsempha ya magazi. N'chifukwa chake limaonekera mkati, komanso n'chifukwa chake asilikali a m'thupi amachedwa kufikapo tizilombo tikalowa. Koma lili ndi mitsempha yambiri yomvera ululu, kotero kuti kachitsotso kakang'onong'ono kamagwetsa misozi ndi bambo wamkulu yemwe.

Kansalu kapamwamba ka galasili ndiko mpanda wa diso. Kakakhala kabwinobwino, tizilombo tambiri timangotsukidwa ndi misozi. Kakakandika, ndiye kuti chipata chatseguka. Tizilombo tikalowa timayambitsa chilonda, ndipo chilonda chikapola chimasiya chipsera choyera. Chipseracho chikakhala pakati, kutsogolo kwa mwana wa diso, munthu saonanso bwino ngakhale m'kati mwa diso muli mwabwino. Chilonda chikazama galasi limabooka, ndipo nthawi zina madotolo amakakamizika kuchotsa diso lonse.

Matenda awiri a mavairasi

Oyamba ndi maso ofiira opatsirana. Amayenda kudzera m'manja, m'tawulo, m'chitenje chopukutira kumaso ndi m'beseni losambiramo limodzi. Amayamba diso limodzi, pakapita masiku ochepa linzake nalo lafiira. Misozi imatuluka yambiri, zikope zimatupa, ndipo ena amatupa mwanabere kutsogolo kwa khutu. Chizindikiro chachikulu n'chakuti amagwira anthu ambiri nthawi imodzi, m'nyumba, m'kalasi ngakhale m'tchalitchi. Kumayambiriro kwa chaka cha 2024 matenda otere anafalikira ku Dar es Salaam m'dziko la Tanzania ndi ku Karonga m'dziko la Malawi, ndipo anafikanso m'maboma ena a dziko lathu lino. Nthawi zambiri amatha okha pa sabata imodzi, ziwiri kapena zitatu. Mtundu wina wa vairasi yotere, wotchedwa adenovirus, umasiya timadontho toyera pagalasi la diso.

Achiwiri ndi a vairasi yotchedwa herpes simplex, yomwe ija imatulutsa tizilonda pamilomo munthu akadwala malungo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati pafupifupi anthu awiri mwa atatu alionse osafika zaka 50 ali nayo vairasiyi m'thupi. Ikalowa imagona m'mitsempha moyo wonse, n'kumadzuka munthu akatentha thupi kapena akafooka. Ikafika m'diso imapanga chilonda chooneka ngati kanthambi ka mtengo. Kawirikawiri imagwira diso limodzi lomwelo mobwerezabwereza. Madotolo awiri amene anagwira ntchito pachipatala cha Mvumi ku Tanzania, a David Yorston ndi a Allen Foster, analemba m'chaka cha 1992 kuti chilonda chimenechi chimakonda kubwera munthu akangodwala malungo. Mankhwala ake ndi opaka m'diso otchedwa aciclovir, ndipo chilonda chapamwamba chimapola pa sabata imodzi kapena ziwiri.

Sungani nambala imeneyi, sabata ziwiri, chifukwa tibwereranso kwa iyo.

Kachilombo ka m'dothi ndi m'madzi

Pali kachilombo kena kamene si vairasi ndipo si bakiteriya, dzina lake Acanthamoeba. Ndi kanyama kamoyo ka selo imodzi, kosaoneka ndi maso, kamene kamakhala m'dothi, m'fumbi, m'zithaphwi, m'madamu, m'zitsime ndi m'mathanki osungira madzi. Chakudya chake ndi mabakiteriya. Tonsefe timakumana nako nthawi zambiri ndipo sikatichita kanthu, pokhapokha kakapeza galasi la diso litakandika.

Kachilomboka kali ndi moyo wapawiri. Pakakhala chakudya ndi chinyezi kamayenda, kudya ndi kuswana. Zinthu zikavuta, kaya ndi chilala kapena mankhwala, kamadzikulunga m'chigoba cha makoma awiri n'kugona. Akatswiri ena anasunga zigoba zotere pouma kwa zaka zoposa 20, ndipo atazinyowetsa tizilombo tinadzuka. Apa ndi pamene pagona vuto la matendawa: mankhwala wamba a m'maso sabowola chigobacho.

Munthu woyamba kupezeka ndi chilondachi ku America anali mlimi woweta ng'ombe wa ku Texas, amene anavulala m'diso m'chaka cha 1973. Ku Britain odwala oyamba analembedwa mu 1974. M'zaka za m'ma 1980 matendawa anachuluka m'maiko olemera pakati pa anthu ovala timagalasi tija toika pa diso penipeni, makamaka amene ankatitsuka ndi madzi a pampopi kapena kusambira atativala. Mpaka lero m'maiko amenewo odwala ambiri ndi ovala timagalasi. Izi zinachititsa kuti mabuku ambiri a zachipatala aziwatenga matendawa ngati a anthu a m'tauni.

Koma ku India, kumene anthu ambiri ndi alimi ngati ife, nkhani yake ndi ina. Pachipatala cha maso cha L V Prasad mumzinda wa Hyderabad, madotolo analemba m'chaka cha 2000 za odwala 39 amene anali ndi chilondachi koma sankavala timagalasi. Kumeneko njira yodziwika ya kachilomboka ndi kuvulala ndi udzu, mapesi kapena dothi, ndi kusamba diso lovulala ndi madzi akuda. Mlimi wa ku Lundazi amene wachekedwa ndi tsamba la chimanga n'kukasamba pachitsime chosavindikira wadutsa njira yomweyo.

Mmene kamanamizira

M'masabata oyambirira kachilomboka kamayenda m'kansalu kapamwamba ka galasi, n'kusiya timizere tooneka ngati kanthambi kaja ka herpes. Diso ndi limodzi, lofiira, lotuluka misozi, loopa dzuwa. Wachipatala akayang'ana amati ndi herpes, n'kupereka aciclovir. Mankhwalawo sagwira, chifukwa anapangidwira vairasi. Wodwala akabwerera akudandaulabe, ena amaganiza kuti herpes yalowa m'kati, n'kuwonjezera mankhwala ochepetsa kutupa otchedwa masiteroidi. Diso limayera kwa masiku angapo, ululu n'kuchepa, wodwala n'kuthokoza. Koma pansi pake kachilomboka kakuswana popanda wokaletsa.

Pakapita nthawi kamalowa m'kati mwa galasi n'kutupitsa mitsempha yomvera ululu. Apa ululu umakula kuposa mmene chilonda chikuonekera. Munthu sagona, safuna kutuluka panja, ndipo achibale amadabwa kuti kachilonda kochepa chonchi kangalize munthu wamkulu bwanji. Pambuyo pake pagalasi pamaoneka mkombero wotuwa ngati mphete. Mphete ikaoneka dotolo aliyense wa maso amazindikira, koma pamenepo nthawi yatha kale.

Pachipatala cha maso cha Moorfields ku London anaunika odwala awo n'kulemba mu 2014 kuti amene anadonthezeredwa masiteroidi matenda asanadziwike, mwayi wawo wotsala ndi diso losaona bwino unali waukulu pafupifupi kanayi kuposa anzawo. Madotolo a maso amagwirizananso pa mfundo yakuti wodwala amene wayamba mankhwala oyenera sabata zitatu zisanathe amakhala ndi mwayi wabwino wopulumutsa diso.

Ka m'matope ka nyengo ya dzinja

Pali gulu linanso la tizilombo totchedwa microsporidia. Kale akatswiri ankatiika pamodzi ndi tinyama ta selo imodzi, koma tsopano anapeza kuti ndi abale a chuku. Timakhala m'matope ndi m'madzi akuda, ndipo timalowa m'kati mwa maselo a galasi la diso. Timapanga timadontho totuwa tambirimbiri, totukuka pang'ono, tofanana ndi tija tosiyidwa ndi adenovirus. N'chifukwa chake nato timatengedwa ngati red eyes.

Cha m'ma 1990 matendawa ankadziwika makamaka mwa anthu odwala Edzi, koma pambuyo pake anayamba kuoneka mwa anthu athanzi. Ku India amachuluka nyengo ya mvula. Ku Singapore, m'mwezi wa Epulo 2012, anyamata ambiri amene anasewera mpikisano wa rugby pabwalo lamatope anadwala maso patapita masiku angapo, ndipo atapimidwa anapezeka ndi tizilombo timeneti. Kwathu kuno amene amathiridwa matope m'maso ndi olima ndi ng'ombe m'dzinja, oumba njerwa, okumba zitsime, olima m'madimba ndi ana osewera mpira mvula itagwa.

Chabwino chake n'chakuti mtundu wapamwambawu nthawi zambiri umapola pa masabata angapo. Masiteroidi amatha kuchedwetsa kupolako. Pali mtundu wina wosowa umene umalowa m'kati mwa galasi, umene umafanana ndi herpes yozama ndipo ndi wovuta kuchiza.

Tisaiwale chuku ndi mabakiteriya

Tinene zoona: tizilombo tiwiri tatchulati sitimene timayambitsa zilonda zambiri za m'maso mwa alimi. Pachipatala cha Aravind mumzinda wa Madurai ku India anapima odwala 434 a zilonda za galasi la diso pa miyezi itatu m'chaka cha 1994. Mwa 297 amene tizilombo tawo tinamera ku labu, 140 anali ndi mabakiteriya, 139 anali ndi tizilombo ta mtundu wa chuku, 15 anali ndi zonse ziwiri, ndipo atatu okha ndiwo anali ndi Acanthamoeba. Pafupifupi awiri mwa atatu alionse anali atavulala m'diso chilonda chisanayambe.

Chuku ndi chomwe chija timachiona pa chimanga chofuka ndi pa nshawa zosauma bwino. Abale ake amakhala pamapesi ndi pamasamba ouma, ndipo akalowa pabala la m'diso amamera pang'onopang'ono. Kafukufuku amene anatuluka mu 2021 anayerekeza kuti chaka chilichonse anthu oposa 1 miliyoni padziko lapansi amadwala chilonda cha chuku, ndipo pafupifupi mmodzi mwa 10 alionse amataya diso. Mankhwala ake odziwika ndi odontheza otchedwa natamycin, amene bungwe la WHO linawaika pa mndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2017.

Tsono muone kuvuta kwake. Vairasi, bakiteriya, chuku, Acanthamoeba ndi microsporidia zonse zimayamba ndi diso lofiira lowawa, koma chilichonse chili ndi mankhwala akeake. Mankhwala a chimodzi sagwira chinzake. Palibe wogulitsa pamsika, ngakhale wokoma mtima chotani, amene angazisiyanitse pongoyang'ana.

Dotolo amasiyanitsa bwanji?

Choyamba ndi mbiri ya wodwala, ndipo apa ndi pamene ife tingathandize kwambiri. Herpes nthawi zambiri imabwera popanda kuvulala, imakhala kuti inabwerapo kale pa diso lomwelo, ndipo imatsatira malungo kapena kutentha thupi. Red eyes imagwira maso onse awiri ndiponso anthu ena m'nyumba. Chilonda chimene chatsatira kuthobwa, matope kapena madzi akuda chimaloza ku bakiteriya, chuku kapena tizilombo tija ta m'dothi.

Chachiwiri ndi utoto wachikasu wotchedwa fluorescein. Wachipatala amakhudzitsa kapepala ka utotowu m'munsi mwa diso n'kuwunika ndi tochi ya buluu. Pamene pakandika pamawala mobiriwira. Kanthambi ka herpes kamakhala ndi timphanda tooneka bwino tokhala ndi timitu kumapeto. Kanthambi konamizira ka Acanthamoeba kamakhala kosalongosoka, kopanda timituto. Amathanso kukhudza galasi ndi kaulusi ka thonje loyera, chifukwa herpes imachititsa dzanzi galasi la diso. Koma zizindikiro zimenezi pazokha sizikwanira.

Chachitatu, chomwe chimapereka yankho lenileni, ndi kupala chilonda. Wodwala amadonthezeredwa mankhwala a dzanzi, ndipo dotolo amapala pang'ono m'mphepete mwa chilonda ndi kachitsulo koyera. Ambiri amaopa akamva zopala diso, koma ntchitoyi imatenga mphindi zochepa ndipo ululu sumveka. Zopalidwazo amaziika pagalasi la ku labu, kuzithira utoto, n'kuziyang'ana pa maikulosikopu, makina a mtundu womwewo umene amaonera tizilombo ta malungo ndi TB. Chuku chimaoneka ngati ulusi, Acanthamoeba imaoneka ndi chigoba chake cha makoma awiri, ndipo microsporidia imaoneka ngati timbewu ting'onoting'ono.

Njira zina zimafuna labu yaikulu. Pofuna kumeretsa Acanthamoeba amaika zopalidwazo m'kambale mmene ayalamo mabakiteriya ngati nyambo, ndipo pakapita masiku amaona tinjira timene kachilomboka kadutsa kakudya. Palinso kupima kwa PCR kumene ambiri tinakumva nthawi ya Covid-19, ndi makina otchedwa confocal amene amajambula m'kati mwa galasi la diso munthu ali chikhalire. Izi zimapezeka m'zipatala zazikulu zokha.

Lamulo losavuta kukumbukira, kwa wodwala ndi kwa wachipatala yemwe, ndi ili: chilonda chimene chatchedwa herpes koma sichikusintha pa sabata ziwiri za aciclovir, kapena ululu wake ukukulirakulira, chiyenera kuganiziridwanso ndipo wodwala atumizidwe kwa dotolo wa maso.

Zothira m'maso zimene zimapha diso

Zoyamba ndi masiteroidi ogula popanda kalata ya dotolo. Tengani kabotolo muwerenge. Mukaona mawu akuti dexamethasone, betamethasone, prednisolone kapena hydrocortisone, dziwani kuti muli siteroidi, ngakhale atasakaniza ndi mankhwala ena. Mankhwalawa ali ndi ntchito yake yabwino m'manja mwa dotolo wa maso, koma pa diso la chilonda chosadziwika amagonetsa asilikali a m'thupi n'kusiyira tizilombo bwalo. Anthu amawakonda chifukwa amayeretsa diso msanga, ndipo msampha wake ndi womwewo.

Zachiwiri ndi zothira za kumudzi: madzi a masamba ofinya, utomoni, madzi a shuga, a mchere wambiri, a mandimu, mkaka wa m'mawere ndi mkodzo. Zina zimaotcha galasi, zina zimanyamula chuku ndi mabakiteriya kuzipititsa pabala penipeni. Mkodzo wa munthu wa chinzonono umatha kuboola diso pa masiku ochepa. Ku Malawi, a Paul Courtright ndi a Susan Lewallen pamodzi ndi anzawo anafunsa odwala 583 a matenda a galasi la diso m'zipatala ziwiri za maboma, n'kulemba mu 1994 kuti mmodzi mwa atatu alionse anali atathira kale mankhwala achikuda. Sanalimbane nawo asing'anga. Anakhala nawo pansi n'kuwaphunzitsa kusathira kanthu m'diso ndi kutumiza odwala kuchipatala msanga, ndipo mu 1996 analemba kuti khungu pakati pa odwala otere linatsika ndi pafupifupi theka. Asing'anga athu nawonso akhoza kukhala abwenzi pa nkhondoyi.

Zachitatu ndi chenjezo lapadera. Limodzi mwa mankhwala ochizira Acanthamoeba ndi chlorhexidine, koma wosungunulidwa kwambiri, wa mphamvu ya 0.02 peresenti, wokonzedwera m'maso. Chlorhexidine wopaka pamchombo wa khanda ndi wa 7.1 peresenti, wamphamvu kuposa ka 300, ndipo amaotcha diso mpaka khungu. Mu 2019 bungwe la WHO linachenjeza kuti anthu oposa 40, makamaka makanda, m'maiko asanu ndi anayi a mu Africa anavulala maso chifukwa chosokoneza kabotolo kameneka ndi mankhwala a m'maso. Amayi ndi azamba, kabotolo ka pamchombo kasayandikire diso.

Chithandizo chimafuna kupirira

Acanthamoeba amachizidwa ndi mankhwala odontheza a chlorhexidine tanena uja kapena ena otchedwa polihexanide. Masiku oyamba amadonthezera ola lililonse, usana ndi usiku, kenako n'kumachepetsa pang'onopang'ono kwa miyezi ingapo, nthawi zina kupitirira theka la chaka, kufikira zigoba zonse zitafa. Mu 2024 maiko a ku Ulaya anavomereza mankhwala oyamba opangidwira matenda amenewa, a polihexanide. Wodwala akaleka pakati poona kuti diso layera, tizilombo timadzuka n'kuyambiranso. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Munthu wotere amafunika wachibale womudzutsa usiku ndi kumudonthezera, komanso anzake omugwirira ntchito ya kumunda.

Zoyenera kuchita tikathobwa

Tisatikite diso. Titsuke ndi madzi ambiri oyera, owiritsa n'kuzizira kapena a m'botolo lotsekedwa. Tisalole munthu kuchotsa chitsotso ndi lilime, nthenga, udzu kapena nsonga ya chitenje.

Ngati diso likubayabe titatsuka, tipite kukiliniki tsiku lomwelo. Ku Bhaktapur m'dziko la Nepal anthu okandika m'maso ankapakidwa mankhwala otchipa a chloramphenicol, ndipo kafukufuku wa mu 2001 anaonetsa kuti mwa onse amene anafika maola 18 asanathe palibe ndi mmodzi yemwe anachita chilonda. Zilonda zinaoneka mwa ochedwa.

Tikafika tinene zonse: chimene chinalowa m'diso, tsiku lake, madzi amene tinasamba, ndi chilichonse chimene tathiramo. Kabotolo tikatenge tikaonetse, ndipo za kwa asing'anga tizinene popanda manyazi. Ngati tili ndi matenda a shuga kapena tikumwa ma ARV, tinenenso. Tifunse dzina la matenda, dzina la mankhwala ndi tsiku lobwerera. Safunsa anadya phula.

Tibwerere mwamsanga, osadikira tsiku lolembedwa, ngati paoneka kadontho koyera pa mbali yakuda ya diso, ngati ululu ukukula, ngati tikuona mwachimbuuzi, kapena ngati tikulephera kutsegula diso padzuwa. Red eyes wamba sachititsa munthu kusaona. Diso limodzi lokha likakhala lofiira kupitirira sabata m'nyumba mopanda wina wodwala, tisalitchule red eyes.

Tikapatsidwa kalata yopita patsogolo tisaisunge m'Baibulo kudikira kuti a FRA alipire. Kuchoka ku Lundazi kupita ku Chipata ndi pafupifupi makilomita 180, ndipo kumeneko kuli chipatala chachikulu cha Chipata Central komanso cha Mwami chimene chimadziwika ndi ntchito ya maso. Milandu yovuta kwambiri imapita ku chipatala cha maso cha UTH ku Lusaka. Ulendo ndi wodula, tikudziwa. Koma thumba la chimanga logulitsidwa pamtengo wotsika limabwerera chaka chamawa, pamene diso likafa lafa.

Pempho lathu

Kwa a makopaletivu ndi magulu a alimi, tikuti poitanitsa feteleza ndi matumba muitanitsenso magalasi otchinjiriza maso, aja amavala owotcherera zitsulo ndi akalipentala. Oyendetsa makina otonolera chimanga, opuntha soya ndi ogwira ntchito m'zigayo asamagwire ntchito popanda iwo. Botolo la madzi owiritsa lizipita nawo kumunda.

Kwa akulu a mipingo ndi atsogoleri a magulu a m'midzi, tikupempha kuti uthengawu uwerengedwe pa zolengeza mwezi wa Epulo usanafike, ndi kuti thumba la odwala lizithandizanso pa ulendo wa munthu wa chilonda cha m'diso, ngakhale akuoneka wamphamvu ndipo akuyenda yekha. Mafumu ndi manduna akhale pansi ndi asing'anga monga zinachitikira ku Malawi. A Radio Chikaya aitane anamwino a maso kuti adzayankhe mafunso a omvera.

Kwa a Unduna wa Zaumoyo, pempho lathu n'lakuti kiliniki iliyonse ya m'maboma a Lundazi, Lumezi ndi Chasefu izikhala ndi timapepala ta fluorescein, tochi ya buluu ndi mankhwala opaka m'maso nyengo yokolola isanayambe, ndiponso kuti ogwira ntchito ku labu aphunzitsidwe kuzindikira chuku ndi zigoba za Acanthamoeba pa maikulosikopu amene ali nawo kale. A ZAMRA, amene amayang'anira za mankhwala m'dziko muno, aonetsetse kuti masiteroidi a m'maso akugulitsidwa ndi kalata ya dotolo basi.

Kwa inu owerenga athu, lero lomwe tsegulani kabati kapena sutikesi mmene mumasunga mankhwala. Kabotolo kalikonse ka m'maso kotsala pa matenda akale, kobwereka kapena kosawerengeka dzina, katayeni m'chimbudzi cha dzenje. Ndipo mukaona mnzanu kumunda wamanga kansalu pa diso limodzi, musangomupepesa. Mufunseni kuti wathobwa liti, mumukweze panjinga, mupite naye kukiliniki.